Thandizeni, zimene ndikulemba pa Wikipedia za Chilembwe akungozifufuta

Membala wobisa dzina: Moni nonse a m'gulu, mutu wanga waima. Kwathu ndi ku Chiradzulu, kufupi ndi ku Mbombwe komwe kuli PIM, mishoni ya Providence Industrial Mission imene Chilembwe anayambitsa. Ndinatsegula akaunti pa Wikipedia kuti ndiwonjezere zina pa nkhani ya John Chilembwe, chifukwa za usiku wa pa 23 January 1915, pamene anaukira atsamunda, analemba moperewera. Ndimalembera pa foni, foni yakenso yosweka galasi, mlamu wanga anaibwereka n'kuigwetsa, mpaka lero sanapepese. Bandulo ndimagula ndi ndalama ya ndiwo, mayi akunyumba ayamba kale kudandaula. Za magetsi kwathu kuno sindinena. Ndavutika chonchi, m'mawa kudzuka ndipeza zonse afufuta. Ndabwezera, afufutanso. Pano andilembera uthenga wautali wochenjeza. Zimene ndinalembazo n'zoona zokhazokha. Kodi ndi nsanje, kapena pali wina wofunika kumulipira?

Mkonzi wa ku Zomba: Achimwene, palibe cholipira. Koma tiuzeni, zimene munalembazo munazitenga m'buku liti kapena nyuzipepala iti? Ndipo ndi Wikipedia ya Chingerezi kapena ya Chichewa ija ya ny.wikipedia.org? Uthengawo ukuti chiyani?

Mdzukulu wa Afrika: MUSADABWE M'BALE WANGA. Amene anamupha Chilembwe pa 3 February 1915 ndi kugumula tchalitchi chake, zidzukulu zawo ndi zomwe zikufuna kutilemberabe mbiri. Munthu wa pa Mbombwe penipeni akulemba, wina ali ku London akufufuta. Chiboliboli chake anachiika ku Trafalgar Square mu 2022, koma mawu a anthu akwawo sakuwafuna!

Mayi wa ku Area 25: Ine ndinaikapo chithunzi cha phiri la Mulanje pa Commons (nkhokwe ya zithunzi za Wikipedia), chokongola zedi, anachichotsa ati sindinajambule ndine. Chinali cha mchemwali wanga weniweni, bere limodzi! Anati iyeyo atumize yekha chilolezo. Ndinangozisiya, mtima unandipweteka.

Aphunzitsi opuma: Ine vuto langa ndi kalembedwe. Ana a masiku ano mumalemba "nkhani" ngati "khani", "mphamvu" ngati "mphavu". Mwina anafufuta chifukwa cha zimenezo. Pa nthawi yathu bwenzi mutabwereza Sitandade 5.

Kabaza Boy: Mlamuyo ndi amene akufufuta, mufufuzeni bwino 😂

Mkonzi wa ku Zomba: A Mdzukulu, lamulo losonyeza magwero limagwira aliyense, ngakhale mzungu atalemba za agogo ake. Wikipedia imafuna kuti wowerenga athe kupita yekha kukaona pamene mfundo yachokera. Za Chilembwe magwero alipo ambiri: buku la George Shepperson ndi Thomas Price lotchedwa Independent African la mu 1958, nkhani za mu Society of Malawi Journal, ndi zina. Mukalemba kuti William Jervis Livingstone anaphedwa ku Magomero usiku umenewo, muike buku ndi nambala ya tsamba. Palibe angakhudze.

Mdzukulu wa Afrika: Mwaonatu! Shepperson, Price, onsewo ndi akwathu? Ndiye kuti agogo athu amene anaona nkhondoyo ndi maso awo ndi abodza, wolemba buku patapita zaka 43 ndiye woona? Mbiri yathu ili pakamwa, m'nyimbo, pa maliro, pa bwalo la amfumu. Kuyambira liti choonadi chimafuna nambala ya tsamba?

Mkonzi wa ku Zomba: Pamenepo muli ndi mfundo, ndipo nkhani ya mbiri yapakamwa akonzi a muno mu Africa akhala akuidandaula. Koma mmene zilili pano, zimene agogo anakuuzani ziyambe zasindikizidwa kwina, m'nyuzipepala kapena m'buku, kenako n'kuzitchula pa Wikipedia. Ajambuleni mawu agogowo akadali moyo, limenelo ndi phindu kale.

Mdzukulu wa Afrika: Nyuzipepala yake iti? Mu 1914 Chilembwe analembera kalata Nyasaland Times kukana kuti anthu akuda azifa pa nkhondo ya azungu, boma la atsamunda linaitsekereza. Lero n'chimodzimodzi, asintha zida basi.

Aphunzitsi opuma: A Mdzukulu, zilembo zikuluzikulu zija n'kulalata. Pano pali akuluakulu.

Mdzukulu wa Afrika: Bambo, inu ndi amene munatiphunzitsa kuti David Livingstone "anatulukira" nyanja, pamene makolo athu ankawedzamo usipa kalekale.

Nesi ku Leeds: Ndingowonjezera kamodzi. Penanso vuto limakhala mawu otamanda. Mukalemba kuti "ngwazi yopanda mantha imene inagonjetsa adani", achotsa, monganso angachotsere wina atalemba kuti "chigawenga". Nenani zimene anachita: anapita ku America ndi Joseph Booth mu 1897, anaphunzira ku Lynchburg, anabwerera mu 1900 n'kuyambitsa mishoni. Zoti Amalawi amamulemekeza mukhoza kulemba, posonyeza kuti pa 15 January pamakhala holide ndipo nkhope yake ili pa ndalama. Komanso chonde lekani kubwezera. Pa ya Chingerezi mukabweza koposa katatu m'maola 24 akhoza kukubulokani. Pitani pa tsamba la zokambirana la nkhaniyo, pa Talk, mufunse mwaulemu amene anafufutayo.

Mayi wa ku Area 25: Anesi, nanga chithunzi changa chija chingabwerere?

Kabaza Boy: Mayi, yambitsani funso lanu, pano tili pa mlandu wa mlamu.

Membala wobisa dzina: Zikomo nonse. A Mdzukulu mwanena zimene zili mumtima mwanga. Ndaganiza zotsegula akaunti ina ndi dzina la mkazi wanga kuti asandizindikire. Foni ija mlamu akuti agula galasi mwezi ukatha.

Nesi ku Leeds: Ayi, ayi, musatero! Akaunti yachiwiri yozembera ndi mlandu waukulu kuposa woyambawo, atseka zonse ziwiri.

Mkonzi wa ku Zomba: Achimwene, funso langa lija simunayankhebe. Munazitenga kuti, ndipo ndi Wikipedia iti? Koperani uthengawo muuike pano tiuwerenge.