Kufika pa upulofesa wa mabuku a Chifalansa a alembi a ku Africa ndi ku zilumba za Antilles ku Caribbean

Nachisale: Akuluakulu, ndithandizeniko. Munthu wofuna kuphunzitsa mabuku a Aimé Césaire wa ku Martinique kapena Ahmadou Kourouma wa ku Côte d'Ivoire pa yunivesite ya ku France mpaka kukhala pulofesa amakwera makwerero ati? Digiri ya udokotala yokha imakwana?

Mphunzitsi_Phiri: Siyikwana, mayi. Licence, digiri yoyamba, ndi zaka 3, master zaka 2, doctorat, digiri ya udokotala, zaka 3 papepala, koma pa za mabuku ambiri amapitirira. Mukateteza thesis, mumatumiza mapepala anu ku Conseil national des universités, CNU, bungwe loona za aphunzitsi a mayunivesite ku France, kuti akupatseni qualification, chivomerezo choti ndinu woyenera. Imagwira ntchito zaka 4, ndipo ndiyo imatsegula khomo lofunsira ntchito ya maître de conférences, mphunzitsi wa pa yunivesite wotsika pa pulofesa. Pamene ambiri amaterereka m'posankha gawo la CNU. Section 9 ndi ya mabuku a Chifalansa, section 10 ndi yofananiza mabuku a zinenero zosiyana. Thesis ya Kourouma yekha ipite ku 9. Ngati mwamuika pambali pa Chinua Achebe, ndiye ku 10, ndipo kumeneko amafuna umboni woti Achebe mwamuwerenga m'Chingerezi chake, osati lomasuliridwa.

Gondwe_L: Ndiwonjezere za pamwamba. Maître de conférences amaphunzitsa maola 192 pachaka. Kuti akwere kukhala pulofesa, amafunika HDR, chilolezo choyang'anira ophunzira a udokotala. M'mapepala ake mumakhala nkhani zomwe adasindikiza, lipoti la ulendo wa kafukufuku wake, ndi buku latsopano losasindikizidwa, lomwe eni ake amati inédit. Bukuli ndilo limakanika: kuchonga mayeso ndi misonkhano ya dipatimenti zimadya nthawi, mutu woyamba n'kugona m'kompyuta zaka. Kuchokera pa lamulo la Disembala 2020, yemwe ali kale pa mpando wa maître de conférences sabwereranso ku CNU pofunsira upulofesa.

Chinanso, maganizo a postcolonial, ounika mabuku poona zotsatira za utsamunda, adachedwa kulowa m'mayunivesite a ku France. Buku la Jean-Marc Moura pankhaniyi lidatuluka mu 1999. Mipando yolembedwa "littératures francophones", mabuku a Chifalansa a alembi ngati amenewa, ndi yochepa, choncho konzekani kuphunzitsanso alembi a ku France konko a zaka za m'ma 1900.

Chisomo_B: Musaiwale Dakar ndi Abidjan. Kumeneko amene amakweza aphunzitsi ndi CAMES, bungwe la maiko a mu Africa loona za maphunziro apamwamba, lomwe likulu lake lili ku Ouagadougou: maître-assistant, maître de conférences, kenako professeur titulaire. Pa sitepe iliyonse amawerenga nkhani zosindikizidwa m'magazini a kafukufuku, ndiye yambani kusindikiza thesis isanathe.