Ndani amawerenga Chigujarati? Ndakanika pa nkhani ya Jignesh Mevani

Moni nonse abale ndi alongo. Ndikulemba kafukufuku wa kusukulu pa Jignesh Mevani, phungu wa dera la Vadgam m'nyumba ya malamulo ya Gujarat ku India, ndipo ndafika pothina.

Mbiri yake ya ndale ndaipeza. Ndi loya wochokera m'gulu la a Dalit, anthu omwe akhala akusalidwa kuyambira kale. Anatchuka mu 2016 pamene anyamata a gululi anakwapulidwa poyera ku Una chifukwa chosenda ng'ombe yakufa. Iye anatsogolera ulendo wapansi kuchoka ku Ahmedabad mpaka ku Una, akufuna kuti mabanja opanda minda apatsidwe malo. Mu 2017 anapambana ngati woima payekha, mu 2022 anapambananso pansi pa chipani cha Congress.

Chimene chandivuta ndi nkhani ya malo yomweyo, ndipo ndiyo imandikhudza kwambiri. Ndikufuna kudziwa ngati minda yomwe inalembedwa papepala m'maina a a Dalit inafikadi m'manja mwawo, komanso zimene iye wanena m'nyumba ya malamulo pa nkhaniyi.

Nyuzi za Chingerezi ndawerenga, koma zimangobwereza za zisankho. Zikalata zomwe ndapeza zili m'Chigujarati, ndipo mapulogalamu omasulira a pa intaneti akungosokoneza mawu. Ndinalembanso imelo kwina, sabata zitatu zatha osayankhidwa.

Kodi alipo wophunzira ku Gujarat, kapena m'bale wa Chimwenye wowerenga Chigujarati, amene angandimasulire masamba ochepa? Ntchitoyi ndiyenera kupereka kumapeto kwa mwezi uno. Chonde ndithandizeni.