Kodi dzala la zinyalala likumbidwe kumunsi kwa msika?

Wapampando: Abale ndi alongo, komiti yaganiza kuti dzala la zinyalala za pamsika likumbidwe kumunsi, pafupi ndi dambo, popeza malo a kumeneko ndi otsika mtengo ndipo msewu unafika kale. Tiyankhulepo tisanalembere khonsolo.

Namwino: Zikomo a Wapampando, koma ine ndikukana. Malowo ndi otsika mtengo chifukwa madzi onse a mvula amathera komweko, ndipo n'chifukwa chake kumakhala mabanja ovutika, amene amamwa madzi a pa zitsime zosazama. Madzi otuluka m'zinyalala zowola adzalowa pansi mpaka m'zitsimezo, ndipo tsiku limene wina adzayatse mapulasitiki m'dzalamo, utsi wake adzaupuma ndi ana amene akutsokomola kale ndi utsi wa nkhuni.

Msungichuma: Achemwali, ndikumva, koma matenda sayang'ana m'thumba mwa munthu. Kolera ikabuka imagwira aliyense.

Namwino: Tizilombo sitisankha, achimwene, koma sitifika kwa onse mofanana. Amene ali ndi mpopi pakhomo, chimbudzi chabwino ndi ndalama yothamangira kuchipatala usiku sangafanane ndi mayi amene alibe ngakhale nkhuni zokwanira zowiritsira madzi. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linanena kuti mu 2020 anthu pafupifupi 3.2 miliyoni anamwalira chifukwa cha mpweya woipa wa m'nyumba, ndipo ophikira magetsi si amene amapuma utsi umenewo.

Mphunzitsi: Ndikugwirizana ndi amayiwa. Ku Flint, m'dziko la America, akuluakulu anasintha kotunga madzi mu 2014 pofuna kupulumutsa ndalama, madziwo n'kuyamba kudya mapaipi ndi kutenga mtovu, chitsulo chimene ndi poizoni m'thupi, ndipo anthu a mumzindawo, ambiri a iwo osauka, anadandaula kwa nthawi yoposa chaka asanamvedwe. Ku Kabwe, m'dziko la Zambia, mgodi wa mtovu unatsekedwa mu 1994, koma ana a m'makomboni oyandikana nawo akupezekabe ndi mtovu m'magazi chifukwa amasewera pafumbi, ndipo makolo awo alibe kosamukira. Chimene chikundiwawa n'chakuti ifenso tikuwerengera mtengo wa malo osawerengera amene adzadwale.

Msungichuma: Aphunzitsi, musaiwale kuti lero zinyalalazo zikutayidwa m'ngalande, ndipo mvula ikagwa zimakokolokera kwa anthu omwewo. Tikazengereza chaka china posaka malo amene ndalama zathu sizingakwanitse, ovutika adzakhala iwo omwe.

Namwino: Zimenezo ndi zoona, n'chifukwa chake sindikukana dzalalo, ndikukana malowo. Ndifunsenso: pagulu lathu lino la pa intaneti alipo wokhala kumunsiko? Ambiri alibe foni ya intaneti, ndiye tikugamula za zitsime zawo iwo kulibe.

Wapampando: Mwamveka nonse. Kalata ya ku khonsolo iyambe yaima. A Mlembi apemphe mlangizi wa zaumoyo kuti akaone malo a kumunsiwo pamodzi ndi malo ena a kuseri kwa phiri, ayeze mtunda wa kuzitsime, ndipo msonkhano wotsatira tikachitire kumunsi komweko kuti eni ake adzayankhule okha.