Mwana wanga wakhoza mpikisano wa masamu, koma njira sakuidziwa

Bambo a Yami, Johannesburg:
Abale, ndithandizeni maganizo. Mnyamata wanga ali Grade 10 kuno ndipo wakhoza gawo loyamba la mpikisano wa masamu, lija la mafunso osankha pa A, B, C, D ndi E. Ndinasangalala mpaka ndinaimbira agogo ake ku Dedza. Madzulo ndinati tandionetsa funso limodzi momwe unalipezera. Funso lake linali ngati ili: manambala awiri ukawaphatikiza akupereka 17, ukawachulukitsa akupereka 72, lalikulu ndi liti? Iye anangoyang'ana mayankho, n'kutenga 9, n'kuti 9 ndi 8, basi ndi lomweli. Nditabisa mayankho aja ndi chikhatho n'kusintha manambala, mwana anangoti kakasi, pensulo m'kamwa. Lina la makona atatu akuti anayeza chithunzicho ndi rula. Mtima wanga sunakhale m'malo. Kodi mayeso oterewa akuyesa masamu kapena kuchenjera?

Mphunzitsi wa ku Zomba:
Achimwene, zimene mwaonazo n'zimene zimatipweteka ife ochonga. Pepala loterolo limandibisira maganizo a mwana. Wina wayenda njira yonse bwinobwino, waphonya chizindikiro chochotsera pamzere womaliza, amapeza ziro mofanana ndi amene sanawerenge n'komwe funso. Ndipo olemba mafunso amaika dala yankho lobwera ndi kaphonyedwe komweko pakati pa zisanuzo, ndiye mwana akaliona amakhulupirira kuti wakhoza, sabwereranso. Wongolotera naye, pa mafunso 20 a mayankho asanu, amatola pafupifupi anayi osagwira pensulo.

Mayi a Tadala:
Komatu musamunyoze mwanayo. Kuyesa yankho n'kuona ngati likugwirizana ndi funso ndi nzeru ndithu. Komanso ana masauzande angachongedwe bwanji pamanja?

Wophunzira ku Ohio:
Mayi akunena zoona pa za kuchuluka kwa ana. Kuno ku America, AMC 10, mpikisano wa masamu wa mafunso osankha wa ana a Grade 10 kutsika m'munsi, ili ndi mafunso 25 m'mphindi 75. Kukhoza ndi malikisi 6, kusiya osayankha 1.5, kulakwa 0, cholinga chake anthu asamangolotera. Koma mphindi zitatu pa funso zimakomera wothamanga, pomwe woganiza mofatsa amatsala. Ukadutsa umapeza gawo lotsatira lotchedwa AIME: mafunso 15, maola atatu, yankho ulembe wekha, nambala yoyambira 0 mpaka 999. Ku IMO, mpikisano wa masamu wa dziko lonse lapansi, ndiye mafunso 6 okha m'masiku awiri, lililonse malikisi 7, ndipo amachonga umboni wako mzere ndi mzere. Anzanga ena amene ankadalira kuyesa mayankho anagwa pa AIME pomwepo.

Bambo a Yami, Johannesburg:
Zikomo nonse. Mayi a Tadala, sindinamukalipire ayi, ndamuyamikira. Koma ndafotokopa mapepala akale n'kudula mayankho onse ndi sizasi. Loweruka tikhala patebulo, mafunso atatu okha, andifotokozere pakamwa chifukwa cha mzere uliwonse. Aphunzitsi, akatenga ola lathunthu pa funso limodzi, ndimusiye kapena ndimuthandize?