Nditeteze bwanji mabuku popanda kuletsa makasitomala kuwatsegula?

Anzanga amene muli ndi mashopu a magemu, ndigawireniko nzeru. Ine ndimagulitsa mabuku a malamulo a magemu monga Dungeons & Dragons ndi Pathfinder. Ambiri ndi a chikuto cholimba, olemera, odzaza zithunzi, ndipo munthu sagula asanaone m'kati. Vuto lagona pamenepo. Wina amalitambasula mpaka masamba kuyamba kulekana ndi chikuto, wina amasiya zala zamafuta papepala, makona nawo amapindika pobwezera pa shelefu. Kenako yemweyo akuti akufuna lina lomwe silinagwidwepo!

Ndikawasiya m'pulasitiki, anthu amangoyang'ana chikuto n'kudutsa. Ndiye ndikuganiza zopatula limodzi pa mtundu uliwonse kuti likhale lachionetsero, enawo azikhala kuseri kwa kauntala. Koma pa mabuku amene ndimaoda awiri okha, kupatula limodzi ndiye kuti phindu lapita.

Inu mumatani? Lachionetserolo likatopa mumaligulitsa motchipa? Nanga mukaveka buku pulasitiki ija ya ku laibulale, makasitomala saliyesa lakale? Ndipo aja amakhala pansi n'kumajambula masamba ndi foni, mumawaletsa bwanji osawachititsa manyazi?