Ndikuchoka pa Windows kupita pa Linux Mint, nanga ma imelo ndi kalendala nditani?

NyaLuwinga:
Moni nonse. Laputopu yanga ndi HP yakalekale ya Windows 10, ndiye paja Microsoft anasiya kupereka ma update aulere pa 14 October 2025, Windows 11 ikukana kulowa akuti makinawa alibe kachipangizo kachitetezo kotchedwa TPM 2.0, ndipo yogulira ina pakadali pano palibe, mitengo ya mtauni mukuidziwa nokha. Mlamu wanga wa ku Mzuni akuti angondiikira Linux Mint nkhani ithe. Ine sindikukana koma chikundiimitsa mutu ndi Outlook. Ma akaunti ndili nawo atatu, Gmail yanga, ya kuofesi (kaofesi kathu ndi kakang'ono, imelo ili pa hosting yomwe pali webusaiti yathu) komanso ina ya Microsoft 365 yomwe anandipatsa a bungwe lomwe timagwira nalo ntchito. Kalendala ndiye moyo wanga wonse uli mmenemo, misonkhano, masiku opereka ma lipoti, ngakhale mapulakatisi a kwaya. Mlamu akungoti Thunderbird Thunderbird, wina kuofesi akuti Evolution, onsewa ndi mapulogalamu a imelo olowa m'malo mwa Outlook. Abwino ndi ati? Ndipo ma imelo akale sasowa? Chonde mundiyankhe ngati munthu wosadziwa za IT.

Chibavi_Tech:
Asisi musayambe ndi funso loti pulogalamu iti, limenelo ndi lophweka ndipo mutha kusintha mawa lomwe ngati siinakusangalatseni. Yambani mwadziwa kaye kuti ma imelo anuwo akukhala kuti, pa seva kapena mu laputopu momwemo. Mu Outlook pitani pa File, Account Settings, muone pa Type palembedwa chani pa akaunti iliyonse. Pakalembedwa IMAP kapena Exchange ndiye kuti ma imelo ali pa seva, mukalowa ndi pulogalamu ina iliyonse muwapeza ali bwinobwino. Koma pakalembedwa POP samalani kwambiri, chifukwa POP imakoka ma imelo nkuwasunga mu fayilo ya .pst mu kompyuta yanu ndipo nthawi zambiri pakapita masiku imawafufuta ku seva. Maofesi ang'onoang'ono ambiri kuno anawaikira POP poti malo pa hosting ndi ochepa, ndiye ya kuofesi yanuyo ndikuikayikira. Mlamu akangofomata disiki musanakope .pst imeneyo, basi zapita zonse mpaka ma Sent omwe. Kawirikawiri imakhala mu Documents, foda ya Outlook Files, ikopereni pa flash komanso penapake pachiwiri.

China chomwe ambiri chimawapweteka ndi ichi, olo akaunti ikhale ya IMAP, IMAP imanyamula ma imelo okha, kalendala ndi ma contact ayi. Mukaona kalendala yanu mu Outlook yalembedwa This computer only dziwani kuti kulibe kwina komwe ili. Itseguleni, File, Save Calendar, musankhe kalendala yonse ndi tsatanetsatane yense osati sabata imodzi yokha, ituluka fayilo ya .ics. Ma contact atulutseni ngati CSV. Zonsezi muchite Windows ikadalipo.

Pulogalamu ine ndinganene Thunderbird. Mint imabwera nayo kale, kalendala ili mkati momwemo kuyambira version 78 ya mu 2020, ndipo mukaika Gmail imapeza yokha kalendala ndi ma contact anu a Google nkukufunsani ngati mukufuna kulumikiza. Ubwino wake wina ilinso pa Windows, ndiye iikeni lero lomwe pa Windows 10 yanuyo muizolowere kaye, tsiku losamuka mungokopa foda ya profile, yomwe Thunderbird imasungamo zinthu zanu zonse, kupita nayo ku Linux, zonse zibwera mmene munazisiyira.

Bambo_a_Tiwonge:
Ine ndisiyana nawo pang'ono achimwene a Chibavi. Zonse anena za POP ndi zoona, koma akaunti ya Microsoft 365 ija aidumpha, pomwe mutu ukawawire ndi pomwepo. Akaunti imeneyo imakhala pa Exchange, seva ya imelo ya Microsoft, ndipo Thunderbird inayamba kulankhula ndi Exchange payokha pa version 145 kumapeto kwa 2025, ndipo inayamba ndi ma imelo okha, kalendala ya Exchange isanalowemo. Mayiwa anena kuti kalendala ndi moyo wawo. Evolution mukaiikira phukusi la evolution-ews imakoka zonse, imelo, kalendala ndi ma contact, ndipo maonekedwe ake ndi ofananirako ndi Outlook yakale ija moti munthu sasochera. Imathanso kutsegula .pst mwachindunji pa Import, chomwe Thunderbird ya pa Linux siichita.

Komabe musathamange nazo. Njira yomwe mapulogalamuwa amadutsira polankhula ndi Exchange, ya EWS, Microsoft analengeza kuti ayamba kuitseka pa Exchange Online kuyambira October 2026. Komanso a IT a bungwe lanulo ndi amene ali ndi makiyi, akapanda kuloleza pulogalamu yachilendo olo mulembe password yolondola kakhumi siilowa. Afunseni kaye. Kunena mosabisa, akaunti imeneyo ine ndikanangoisiya mu browser, Outlook ya pa intaneti imagwira bwino pa Firefox kapena Chrome, ma link a Teams amatseguka momwemo, ndipo tsiku lomwe mgwirizano wanu ndi bungwelo watha mulibe chokonza mu laputopu.

NyaLuwinga:
Yewo chomene nonse awiri. Ndaona, ya kuofesi ndi POP ndithu, ndipo .pst yake ndi 6GB kuposa pang'ono. Kalendala nayonso ndi This computer only mmene munanenera a Chibavi, thupi lachita kuzizira nditaona. Tsopano za browser zo bambo a Tiwonge, vuto ndimapita kufildi pafupipafupi, mbali za Mpherembe ndi Usisya, netiweki kumeneko ndi yosakasaka, ndimafuna ndizitha kuwerenga ma imelo ndi kuona kalendala popanda intaneti. Komanso wina wandiuza kuti ndingokokera ma imelo onse akale mu Gmail, zimenezo zili bwino?

Chibavi_Tech:
Zokokera mu Gmail zimatheka koma 6GB mukweze ndi bandulo ya pafoni? Mulira asisi. Komanso Gmail yaulere ndi 15GB yomwe mukugawana ndi Drive ndi Photos, ndipo makalata a ofesi kuwasakaniza ndi akaunti yanu yanokha abwana sangakondwe nazo. Ma imelo akalewo safunika kukwera pa intaneti nkomwe. Muuzeni mlamu aike pst-utils pa Mint, muli kachida kotchedwa readpst kamene kamasandutsa .pst kukhala mafayilo a mbox, amenewo amaikidwa mu Local Folders ya Thunderbird ndipo mumawasaka ngati ma imelo ena onse, data osadya olo pang'ono. Mukatero akaunti ya kuofesiyo muiikenso mwatsopano ngati IMAP, bola mufunse amene amasamala hosting kuti bokosi lanu lili ndi malo okwana bwanji, likadzadza ma imelo amayamba kubwerera kwa otumiza inu osadziwa.

Za kufildi zo ndiye mpomwe Thunderbird imaposa browser. Pa Account Settings pali Synchronization & Storage, musankhe kuti izisunga ma imelo a masiku 30 apitawa okha, mukapanda kutero tsiku loyamba idzakoka Gmail yanu yonse kuyambira kalekale bandulo nkutha musanamwe ndi tiyi yemwe. Pa kalendala chongani Offline Support. Fayilo ya .ics ija ikwezeni mu Google Calendar, ndi kakang'ono sikadya data, mukatero zomwe mwalemba pa laputopu zizionekanso pafoni. Ya Microsoft 365 ndikugwirizana ndi bambo a Tiwonge, isiyeni mu browser, kufildi muziiona pa app ya Outlook pafoni poti imasunga zomwe inakoka kale.

kaMzuni_ICT:
ndingowonjezera kamodzi kokha poti palibe wakatchula. ngati mlamu wanu akufuna kusiya Windows ndi Mint zonse ziwiri mu laputopu imodzi kuti muzisankha poyatsa, muona wotchi ikusokonekera ndi maola awiri mukachoka uku kupita uko. chifukwa chake Linux imasunga nthawi ya mu makina ngati UTC (nthawi yomwe dziko lonse limawerengerapo) pomwe Windows imaitenga ngati nthawi yakwanuko, ife tili pa UTC+2 ndiye kusiyana kwake nkomweko. zikumbutso za misonkhano zimalira nthawi yolakwika. amakonza ndi lamulo limodzi pa terminal, timedatectl set-local-rtc 1, iye akudziwa. komanso mu Thunderbird momwemo onani timezone ya kalendala ikhale Africa/Blantyre, Mzuzu musaisake mulibemo kkkk. ndipo Gmail ikamakufunsani password pa kawindo ka Google kotulukira pambali musaope si akuba, ndi mmene amalowetsera masiku ano, kungolemba password mu pulogalamu anasiya kulola.

Bambo_a_Tiwonge:
Poti ya kuofesi ndi POP ndipo ya bungwe ikhala mu browser, Evolution ilibenso ntchito yaikulu kwa inu, tengani Thunderbird. Koma readpst ikamaliza musafulumire kufufuta chilichonse. Tsegulani mafoda angapo akale, makamaka Sent ndi omwe muli ma attachment a ma lipoti, muyerekeze chiwerengero cha ma imelo ndi chomwe Outlook ikuonetsa. Mu kalendala yang'anani misonkhano yobwerezabwereza ija, monga ya Lolemba lililonse, ndi imene imakonda kusuntha ola kapena kutaya tsiku lothera posamuka. Mlamu ayambe wayatsa Mint kuchokera pa flash osaika, muone ngati WiFi ndi pulinta ya kuofesi zikugwira.

NyaLuwinga:
Chabwino. Thunderbird ndaika kale pa Windows, Gmail yalowa ndipo kalendala ya Google yabwera yokha. .pst ndakopera pa flash ndi pa kompyuta ya kuofesi. A IT a bungwe lija ndawalembera sanayankhe. Mlamu akubwera Loweruka ngati magetsi akhalepo. Funso lina laling'ono, ma contact a CSV aja akulowa mayina ali pa malo a manambala a foni, pamenepa ndikonze pati?