Ndikufuna kachipinda ka katundu kakhale koyanikiramo zovala, ndiyambire pati?

Mayi wa ana atatu, Kabwata

Muli bwanji nonse. Timakhala m'mafulati a ku Kabwata, m'mwamba, ndipo chingwe choyanikira chili pansi, cha mabanja anayi. Chiyambire Disembala mvula sikutipatsa mpata. Ndimachapa m'mamawa ndisanapite kuntchito, koma ikamakwana 14 koloko kumwamba kwada kale, ine ndili m'tauni, woyanula palibe. Sabata yatha mayunifomu anakhala masiku atatu pamipando ya pabalaza. Lolemba wamng'ono anapita kusukulu kolala ili yonyowa, ndipo zinandipweteka mtima.

Tili ndi kachipinda ka mamita 2 m'lifupi, 2 ndi theka m'litali, kodzaza makatoni ndi njinga yakufa. Zenera ndi limodzi, laling'ono. Chondiopsa n'chakuti mwana wanga wachiwiri ali ndi mphumu, ndiye sindikufuna chuku m'nyumba. Amene munachitapo, ndithandizeni chonde.

Wowotcherera zitsulo, Kalingalinga

Amayi, musanaganize za zingwe, ganizani za madzi. Madzi onse amene ali m'zovala zija amayenera kupita kwina, ndipo akasowa potulukira amalowa m'khoma ndi m'siling'i. Zenera lizikhala lotsegula nthawi yonse zovala zili mmo. Ikani fani pazenerapo yoyang'ana panja, osati mkati. Chitseko muzitseka chifukwa cha mwanayo, bola pansi pake pakhale kampata kolowa zala ziwiri, kuti mpweya wa m'nyumba uzilowa n'kutulukira pazenera.

Misomali musaikhulupirire, jinzi yonyowa imazula. Boolani khoma ndi dirilu, muike mapulagi apulasitiki ndi mahuku. Waya ugulidwe wokutidwa ndi pulasitiki, ku Kamwala amapezeka. Waya wamba umachita dzimbiri n'kudetsa malaya oyera. Zingwe zinayi zikwana, zotalikirana masentimita 30. Khoma mulipake penti ya mafuta kuti lizipukutika. Koma landilodi mumuuze kaye musanaboole.

Mlongo wanu wa ku Chelstone

Mverani abambowa. Ine ndinachita zosiyana ndi zimenezi, ndinkatseka zenera poopa udzudzu ndi akuba. Patangotha mwezi umodzi kona ya kuseri kwa chitseko inada bii, ndipo sutikesi imene ndinasiya mmo inamera chuku chobiriwira mpaka m'kati, zitenje za ukwati wanga zili momwemo. Ndinalira. Chotsanimo chilichonse, makatoni makamaka, amamwa chinyezi. Pazenera ikani sefa ya udzudzu, basi.

China chimene ndikukupemphani ndi mtima wonse: magetsi akapita musaikemo mbaula kuti zovala ziume msanga. Makala amatulutsa mpweya wakupha umene sununkha, sumaoneka, ndipo umafika kuzipinda zogona anthu osadziwa. Kuli bwino mwana apite kusukulu ndi zovala zakunyumba tsiku limodzi.

Agogo a ku Matero

Mwanangu, ntchito yaikulu ili pofinya. Yunifomu ukaifinya, uiyale pa thaulo louma, uzikulunge pamodzi ngati mphasa, kenako uponde ndi mapazi. Ukafunyulula upeza thaulo lamwa madzi ambiri. Mashati uziwaika pa hang'ala, matumba a mabuluku uwatulutse kunja. Usachape zonse Loweruka, gawa kawiri kapena katatu pa sabata kuti kachipindako kazipuma.

Kuyanika mkati kulinso ndi ubwino wake nyengo ino. Ntchentche ija ya mphutsi imaikira mazira pa zovala zonyowa zoyanikidwa panja pamthunzi, makamaka zogwera pansi. Mdzukulu wanga tinamufinya zitatu pamsana. Ngakhale zili choncho, za ana uzisitabe, mpaka m'misoko.

Mayi wa ana atatu, Kabwata

Zikomo kwambiri nonse, Agogo za thaulozo ndiyesa usiku uno. Makatoni ndiyamba kutulutsa Loweruka. Abambo a ku Kalingalinga, ndayang'ana zenera lija, limatseguka theka lokha chifukwa limagunda zitsulo zotchingira akuba. Kodi theka limenelo likwana, kapena ndipemphe landilodi kuti tichotse galasi limodzi tiikepo sefa yokha?